Funsani Adokotala: Chiwindi cha Khanda ndi Shuga wa Tsiku Loyamba

FUNSO: Adokotala, ndine gogo wokhala ku Chawama, ngakhale kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Mpongozi wanga anapezeka ndi matenda a shuga ali ndi pakati, ndipo mwezi watha anabereka mwana wamwamuna wonenepa bwino, wolemera makilogalamu 4.3. Tonse tinasangalala, koma pasanathe maola awiri anamwino anayamba kumubaya pachidendene kuti ayeze magazi, ndipo anati shuga wake watsika kwambiri, mpaka anamuika diripi. Pabedi loyandikana nalo panali kamwana kobadwa masiku asanakwane, nakonso anati shuga wake ndi wotsika. Za kamwana kajako ndikumvetsa, koma mdzukulu wangayu anachokera m'mimba modzaza shuga, ndiye shugayo anamusowa bwanji? Ndinafuna kumumwetsa madzi ofunda othira shuga koma anandiletsa. Kodi ndikanalakwa, ndipo kodi mwanayu wabadwa ndi matenda a mayi ake? Gogo wa ku Chawama.

YANKHO: Agogo, ndakondwa kumva kuti mpongozi wanu anachira bwino, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi pa funso lanu lomaliza. Mdzukulu wanu sanabadwe ndi matenda a shuga, ndipo kutsika kwa shuga kumene anamwino anapeza kumatha pakapita masiku ochepa mwa ana ambiri obadwa kwa amayi a vuto limeneli. Funso lanu loyamba, loti mwana wochokera m'mimba modzaza shuga angasowe bwanji shuga, linazunguzapo mitu ya madokotala kwa zaka zambiri, ndipo yankho lake lili m'chiwindi cha mwanayo komanso m'zinthu zimene zimachilamula.

Mwana akakhala m'mimba sadya, ndipo ngati mayi ali bwino thupi la mwanayo silidzipangira lokha shuga. Shuga wa m'magazi, amene achipatala amamutcha glucose, amachoka m'magazi a mayi, n'kudutsa pa nsengwa, n'kukafika kwa mwana kudzera m'chingwe cha mchombo usana ndi usiku osalekeza, moti shuga wa mwana amakhala wotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi wa mayi ake, ndipo amakwera kapena kutsika motsatira wa mayiyo. Shuga wina amagwira ntchito nthawi yomweyo pokulitsa thupi, koma m'miyezi itatu yomaliza chiwindi chimayamba kusunga wambiri. Sichingamusunge mmene wafikira, chifukwa shuga wosungunuka akachuluka m'maselo amakoka madzi mpaka maselowo kutupa. Chimene chiwindi chimachita ndi kulumikiza tizidutswa ta shuga tambirimbiri kukhala chinthu chimodzi cha nthambinthambi chotchedwa glycogen, amene amangokhala phee m'maselo kudikira tsiku limene adzafunike. Inu a ku Katete nkhokwe mukuidziwa bwino: chimanga chimalowamo nthawi yokolola, ndipo chimapulumutsa banja pamene kumunda kulibe kanthu, malinga ngati nkhokweyo ikutseguka. Mfundo ya kutsegukayi muisunge, chifukwa nkhani ya mdzukulu wanu yagona pamenepo.

Amene anatulukira glycogen ndi Claude Bernard wa ku France m'chaka cha 1857, ndipo mu 1859 analemba kuti anamupezanso mu nsengwa ndi m'ziwalo za ana a nyama amene anali asanabadwe. Patapita zaka pafupifupi 100, mu 1961, Heather Shelley wa ku Oxford anasonkhanitsa zimene zinapezeka poyeza nyama zosiyanasiyana, n'kuonetsa kuti glycogen wa m'chiwindi amachuluka mofulumira nthawi yobadwa ikamayandikira, kenako amatsika kwambiri mwana akangobadwa. Mwana wokwana masiku amabadwa ndi chiwindi chokhala ndi glycogen wothinana kuposa wa m'chiwindi cha munthu wamkulu. Ntchito yosungayi imayendetsedwa ndi mahomoni awiri opangidwa m'thupi la mwana mwiniwake. Yoyamba ndi insulin, yochokera ku kapamba wa mwanayo, imene imauza chiwindi kuti chitenge shuga n'kumusunga. Yachiwiri ndi cortisol, yochokera ku tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, imene imachuluka m'masabata omaliza ndipo imakhwimitsa mapapo, matumbo ndi chiwindi kuti zidzathe kugwira ntchito kunja kwa mimba.

Chingwe cha mchombo chikangodulidwa, shuga wochokera kwa mayi amasiya kufika nthawi yomweyo, pamene ubongo wa mwana sungadikire ngakhale pang'ono. Ubongo wa khanda umalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lonse, pamene wa munthu wamkulu ndi magawo awiri okha pa 100 alionse, ndipo n'chifukwa chake khanda limafuna shuga wokwana mamiligalamu 4 mpaka 6 pa kilogalamu iliyonse pa mphindi imodzi, kuwirikiza kawiri zimene munthu wamkulu amafuna. Thupi limayankha mwachangu. Ululu wa kubadwa, mphepo yozizira yakunja ndi kupuma koyamba zimakweza homoni yotchedwa adrenaline, kapamba amatulutsa homoni ina yotchedwa glucagon, insulin imatsika, ndipo zitatu zimenezi pamodzi zimauza chiwindi kuti chisiye kusunga n'kuyamba kuphwanya glycogen ndi kuthira shuga m'magazi. Mwa khanda lililonse, ngakhale lathanzi, shuga amayamba watsika m'ola loyamba kapena lachiwiri, kenako amakwera yekha pofika ola lachitatu kapena lachinayi, mkaka usanalowe wambiri m'mimba. Koma glycogen ameneyu sakhalitsa, pakuti gawo lalikulu limakhala litatha pakapita maola 10 kapena 12. M'maola amenewa chiwindi chimayamba ntchito ziwiri zimene sichinkachita m'mimba, zomwe ndi kupanga shuga watsopano kuchokera ku zinthu zina za m'magazi, ndiponso kusandutsa mafuta kukhala timichere totchedwa ketones, timene ubongo wa khanda umatha kugwiritsa ntchito shuga akachepa.

Tsopano tifike pa mdzukulu wanu. Dokotala wa ku Copenhagen, Jørgen Pedersen, ndi amene anafotokoza bwino zimenezi mu 1952. Shuga wochuluka wa m'magazi a mayi amadutsa pa nsengwa mosavuta, koma insulin ya mayi sidutsa. Choncho mwana amalandira shuga woposa amene akufuna, ndipo kapamba wake, poyesetsa kuthana naye, amazolowera kutulutsa insulin yambiri. Insulin imeneyi ndi imene imanenepetsa mwana, chifukwa imasandutsa shuga wotsala kukhala mafuta ndi glycogen, ndipo makilogalamu 4.3 aja ndi umboni wake. Tsiku lobadwa shuga wa mayi amasiya kufika, koma kapamba wozolowera uja sasintha msanga, amapitiriza kutulutsa insulin yambiri kwa maola ngakhale masiku angapo. Insulin ikakhala pamwamba imakankhira shuga wa m'magazi m'minofu ndi m'mafuta, imaletsa chiwindi kuphwanya glycogen, imachedwetsa kupanga shuga watsopano, ndiponso imaletsa mafuta kusungunuka, moti ma ketones aja sapangidwa. Nkhokwe ya mdzukulu wanu inali yodzaza koma yotseka, ndipo ubongo wake unasowa shuga pamodzi ndi chakudya chake chachiwiri. Ichi n'chifukwa chake ife achipatala timaopa kwambiri mwana wonenepa wa mayi wa shuga, amene abale akumuyang'ana n'kumati ndi wamphamvu kuposa onse m'chipindamo.

Kamwana ka pabedi loyandikana kanafika pa vuto lomwelo podzera njira ina. Mwana wobadwa asanakwane masabata 37 amakhala kuti waphonya masabata amene chiwindi chimasunga kwambiri, alibe mafuta okwanira, ndipo chiwindi chake sichinakhwime. N'chimodzimodzinso mwana wokwana masiku koma wolemera mochepera makilogalamu 2.5 chifukwa nsengwa sinkamupatsa chakudya chokwanira, monga zimachitikira mayi akamadwala kuthamanga kwa magazi, malungo, kapena akamaperewera zakudya. Thupi la mwana wotereyu limatumiza kochepa komwe lapeza ku ubongo, chiwindi n'kutsala chaching'ono.

Mwina kubaya pachidendene kobwerezabwereza kunakupwetekani mtima, ndipo ndikumvetsa, koma ndikupempha kuti musakuone ngati nkhanza. Ana ambiri amene shuga wawo watsika saonetsa chizindikiro chilichonse poyamba, amangogona, ndipo banja limasangalala kuti mwana ndi wofatsa. Ena amanjenjemera manja ndi miyendo, amakana bere, amalefuka, amalira mofooka kapena mokuwa modabwitsa, amazizira thupi, amasiya kupuma kwa kanthawi, ndipo vuto likakula amakomoka. Zipatala zambiri zimayamba kuchitapo kanthu shuga wa mwana amene ali pangozi akatsika pansi pa 2.6 mmol/L (umenewu ndi muyezo wa shuga wa m'magazi), nambala imene inafala pambuyo pa kafukufuku wa Alan Lucas ndi anzake, wofalitsidwa ku Britain mu 1988, amene anatsatira ana 661 obadwa masiku asanakwane. Shuga akatsika kwambiri kwa nthawi yaitali ubongo umavulala, makamaka mbali yakumbuyo imene imathandiza kuona, ndipo kuvulala kumeneko sikubwerera. Kadontho ka magazi ka pachidendene ndi mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo.

Pa nkhani ya madzi a shuga, cholinga chanu chinali chabwino, koma anamwino anachita bwino kukuletsani. Mimba ya khanda la tsiku limodzi ndi yaing'ono kwambiri, ndipo madzi akaidzaza mwana sayamwa, pamene kuyamwako ndi kumene kumabweretsa mkaka. Madzi a shuga alibe mafuta kapena zomanga thupi zimene chiwindi chikufuna kuti chiyambe ntchito zake zatsopano. Kwa mwana wa insulin yambiri, shuga wobwera wambiri nthawi imodzi amachititsa kapamba kutulutsa insulin inanso, ndipo pakapita kanthawi shugayo akhoza kutsika kuposa poyamba. Mwana wolefuka akhozanso kutsamwa, madziwo n'kulowa m'mapapo, osanenanso za ukhondo wa madzi ndi kapu, umene ife a ku Lusaka sitingaupeputse titaona kolera ya mu 2017 ndi ya mu 2023. Diripi ndi yosiyana chifukwa imalowetsa shuga woyezedwa bwino, kawirikawiri wa magawo 10 pa 100, pang'onopang'ono osadukiza, ndipo anamwino amaichepetsa mwadongosolo pamene mwana akuyamwa bwino ndi insulin yake ikutsika. M'mayiko ena, kutsatira kafukufuku wa ku New Zealand wofalitsidwa mu 2013, amayamba ndi kupaka shuga wokandapala mkati mwa tsaya la mwana kenako n'kumuyamwitsa, koma nazonso zimachitika pa muyezo wake ndipo magazi amayezedwanso.

Chimene ndikukupemphani tsopano, monga munthu amene mawu ake amamveka pakhomo, n'choti mulimbikitse mpongozi wanu kubwerera kuchipatala pakatha masabata 6 mpaka 12 chiberekereni kuti akayezetse shuga. Mwa amayi ambiri shuga wa pamimba amatha akachira, koma amayi oterewa amakhala pangozi yaikulu yodzadwala matenda a shuga m'tsogolo, ndipo vutoli limakonda kubwerera pa mimba yotsatira. Akadzatenganso pakati ayambe sikelo msanga ndipo anene mbiri imeneyi pa ulendo woyamba, chifukwa shuga wa mayi akasamalidwa bwino m'miyezi yomaliza komanso pa nthawi yobereka, kapamba wa mwana sazolowera kutulutsa insulin yopitirira muyezo.

FUNSO: Ndikuphunzira zaunamwino ndi uzamba kuno ku Lusaka. Tinaphunzira kuti mwa munthu wamkulu glycogen wa m'minofu amaposa wa m'chiwindi, ndipo khanda nalonso lili naye m'minofu ndi mumtima. N'chifukwa chiyani timangonena za chiwindi tikamakamba za shuga wa khanda? Ndipo n'chiyani kwenikweni chimene chimatembenuza chiwindi kuchoka pa kusunga kupita pa kutulutsa m'kanthawi kochepa chonchi? Wophunzira wa ku Kabwata.

YANKHO: Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa loyamba limamveka bwino tikadziwa njira imene shuga amatulukira. M'selo la chiwindi muli maenzaimu awiri, kapena kuti mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo, ogwira ntchito zotsutsana. Glycogen synthase imalumikiza shuga pa nthambi za glycogen, ndipo glycogen phosphorylase imadula shugayo kumapeto kwa nthambizo. Zonse ziwiri zikanati zizigwira ntchito nthawi imodzi, selo likanangotaya mphamvu pomanga ndi kuphwasula chinthu chomwecho, choncho thupi linazimangirira ku chizindikiro chimodzi. Glucagon ikafika pa khoma la selo, mkati mumachuluka kamthenga kotchedwa cyclic AMP, kamene kamadzutsa maenzaimu ena omata kachidutswa kotchedwa phosphate pa mapuloteni, ndipo adrenaline nayo imathandizira ntchito yomweyi. Phosphate ikamatidwa pa phosphorylase imaidzutsa, koma ikamatidwa pa synthase imaigoneka, moti chizindikiro chimodzi chomwecho chimatsegula njira yotulutsira n'kutseka yosungira. Insulin imachita zosemphana, imalimbikitsa enzaimu yochotsa phosphate ndipo imachepetsa cyclic AMP. Kufulumira kumene mwafunsa kumachokera pamenepa: selo silifunika kupanga maenzaimu atsopano, limangomata kapena kuchotsa phosphate pa amene alipo kale, ndipo zimenezi zimatheka m'mphindi zochepa. Mukamawerenga mabuku anu muziyang'ana kwambiri kuchuluka kwa insulin poyerekeza ndi glucagon, osati homoni imodzi payokha. M'mimba insulin ndi imene imalamula, ndipo mwana akabadwa glucagon imakwera kangapo m'maola oyamba pamene insulin ikutsika.

Kadongosolo kameneka kanatenga moyo wonse wa akatswiri angapo kuti kadziwike, ndipo n'koyenera kuti wophunzira adziwe mayina awo. Carl Cori ndi Gerty Cori analandira mphoto ya Nobel mu 1947 chifukwa chofotokoza mmene glycogen amaphwanyidwira, Luis Leloir wa ku Argentina analandira yake mu 1970 atatulukira njira imene shuga amakonzedwera asanalumikizidwe, Earl Sutherland mu 1971 chifukwa cha cyclic AMP, ndipo Edmond Fischer ndi Edwin Krebs mu 1992 chifukwa cha kumata ndi kuchotsa phosphate, zimene anazipeza pofufuza phosphorylase yomweyi. Pa mbali ya mwana wosabadwa, Alfred Jost wa ku France ndi anzake anaonetsa poyesa akalulu ndi makoswe kuti popanda mahomoni a mtundu wa cortisol chiwindi sichisunga glycogen mokwanira.

Nanga minofu? Shuga wodulidwa ku glycogen amatuluka atanyamula phosphate, ndipo shuga wotero sangadutse pa khoma la selo kupita m'magazi. Pamafunika enzaimu yachitatu, glucose-6-phosphatase, yochotsa phosphate imeneyo. Enzaimuyi imapezeka m'chiwindi ndi mu impso, koma m'minofu mulibe, choncho glycogen wa m'minofu amangothandiza mnofu womwewo. Minofu imathandiza thupi mwa njira yozungulira, potulutsa lactate, chotsalira cha shuga wophwanyidwa, amene amapita ku chiwindi n'kukasandutsidwa shuga. Mwa mwana wosabadwa glucose-6-phosphatase imakhala yochepa, imayamba kuchuluka nthawi yobadwa ikamayandikira ndipo imakwera kwambiri akabadwa, ndiye mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala ndi mavuto awiri, glycogen wochepa komanso khomo lotulukira lopapatiza. Enzaimu ina yofunika kuikumbukira ndi PEPCK, imene imatsegula njira yopangira shuga watsopano kuchokera ku lactate ndi alanine (kachidutswa ka mapuloteni). Imeneyi insulin imaitsekereza mwana ali m'mimba, ndipo popeza imafunika kupangidwa kumene, pamatenga maola angapo kuti ichuluke. Glycogen ndi amene amasunga ubongo m'maola odikirawo.

Glycogen wa mumtima ali ndi ntchito yake yapadera. Mtima wa mwana wosabadwa uli naye wambiri, ndipo amauthandiza kupitiriza kugunda pamene mpweya wa okosijeni wachepa pa nthawi yobadwa. Koma shuga akamaphwanyidwa popanda okosijeni amapereka ATP (tinthu tonyamula mphamvu m'selo) ziwiri zokha m'malo mwa pafupifupi 30, choncho mwana amene wabanika pobadwa amawononga glycogen wambiri m'kanthawi kochepa. Mukadzatsitsimutsa khanda lobanika n'kulimva likulira, musadzaone ngati ntchito yatha, mudzaliyeze shuga, monganso mungachitire ndi khanda lozizira, lodwala matenda olowa m'magazi, lochepa kwambiri, lalikulu kwambiri, kapena la mayi wa shuga. Muonjezepo ana a amayi amene abayidwa mankhwala okhwimitsa mapapo mimba itatsala pang'ono kukwana: kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2016, wa amayi a masabata 34 mpaka 36 opatsidwa betamethasone, anapeza kuti shuga anatsika mwa ana 24 pa 100 alionse, poyerekeza ndi 15 pa 100 mwa amene amayi awo sanalandire. Izi sizichotsa phindu la mankhwalawa kwa ana obadwa msanga, zimangotikumbutsa kuyeza.

Pali ana ochepa kwambiri amene amabadwa opanda glucose-6-phosphatase yogwira ntchito. Matendawa anafotokozedwa ndi Edgar von Gierke mu 1929, ndipo a Cori aja anapeza chifukwa chake mu 1952. Chiwindi chimatupa ndi glycogen wosatuluka, ndipo kawirikawiri vutoli limaonekera pa miyezi itatu kapena inayi, mwana akayamba kugona nthawi yaitali osayamwa. Khanda limene shuga wake akupitiriza kutsika patapita masiku atatu ngakhale likuyamwa bwino liyenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu monga University Teaching Hospital, kuti akafufuze ngati pali vuto la kapamba, la mahomoni ena, kapena la maenzaimu a chiwindi.

FUNSO: Mkazi wanga akuyembekezeka kuchira mu July, ndipo ndi mwana wathu woyamba. Amayi anga abwera kudzathandiza, ndipo akunena kuti mwana ayenera kusambitsidwa akangofika kunyumba, komanso kuti mkaka woyamba wachikasu ndi woipa, ufinyidwe n'kutayidwa mpaka woyera utabwera. Sindifuna kukangana nawo, koma kusikelo tinamva zosiyana. Nditani? Bambo wa ku Matero.

YANKHO: Abambo, zimene munamva kusikelo ndi zoona, ndipo mwezi umene mwatchulawo ukuwonjezera kulemera kwake. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira mpaka kufika pafupifupi madigiri 10. Khanda liyenera kukhala ndi kutentha kwa madigiri 36.5 mpaka 37.5, koma limataya kutentha mofulumira, makamaka likanyowa, ndipo silitha kunjenjemera kuti lidzifunditse monga timachitira akuluakulu. Limawotcha mafuta apadera a pakati pa mapewa ndi m'khosi, ndipo ntchito imeneyi imadya okosijeni ndi shuga wambiri. Mwana wosambitsidwa tsiku loyamba m'nyumba yozizira amathera glycogen wake pa kudzifunditsa, ndipo akazizira amayamwa mofooka, shuga n'kutsikiratu. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mwana apukutidwe bwino akangobadwa, aikidwe pachifuwa cha mayi ake khungu kukhudza khungu, afunditsidwe pamodzi ndi mayiyo, avekedwe chipewa, ayamwe m'ola loyamba, ndipo asasambitsidwe mpaka patatha maola 24. Kwa ana ochepa thupi, kuwasunga pachifuwa nthawi yaitali, njira ya kangaroo imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, kumapulumutsa miyoyo, ndipo kuyambira mu 2022 bungwe lomweli limalangiza kuti kuyambike mwana akangobadwa. Inunso mukhoza kumuika pachifuwa chanu n'kumumanga ndi chitenje pamene mayi akupuma.

Mkaka wachikasu uja usatayidwe ngakhale dontho. Umatuluka wochepa chifukwa mimba ya khanda ndi yaing'ono, koma uli ndi zoteteza ku matenda zochuluka, ndipo ana oyamwa bere amapezeka ndi ma ketones ambiri m'masiku oyamba kuposa ana omwa mkaka wa m'chitini, kutanthauza kuti ubongo wawo umakhala ndi chakudya chachiwiri pamene glycogen akutha. Mwana wokwana masiku, wolemera bwino, wofunda, amene akuyamwa maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, safunika madzi, shuga kapena china chilichonse pamene mukudikira mkaka woyera, umene umabwera tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo umabwera msanga ngati mwana akuyamwa pafupipafupi. Mayi akautaya n'kumadikira, mwana amakhala masiku awiri kapena atatu wopanda chakudya, pamene chiwindi chake chinangosunga zokwana theka la tsiku.

Amayi anu simukufunika kukangana nawo, pakuti akunena zimene iwonso anaphunzitsidwa ndipo akufunira mdzukulu wawo zabwino. Apempheni kuti aperekeze mpongozi wawo kusikelo pa ulendo wotsatira, ndipo mupemphe azamba kuti afotokoze zimenezi iwo ali pomwepo, chifukwa mawu amene ndi ovuta kuwalandira kuchokera kwa mwana wobereka yekha amalandirika mosavuta kuchokera kwa mzamba wachikulire. Kenako muwapatse udindo woyang'anira kuti mwana ndi wofunda, wavala chipewa, ndipo akudzutsidwa kuti ayamwe akagona kupitirira maola atatu. Muwauzenso zizindikiro zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala: mwana akakana bere kawiri motsatizana, akalefuka osadzuka, akamanjenjemera osasiya, akazizira kapena kutentha thupi, akamapuma movutika, kapena akakomoka. Zikatero musadikire kuti kuche. Muikeni pachifuwa cha mayi ake, mumufunde, ndipo ngati akutha kumeza mayi afinyire timadontho ta mkaka m'kamwa mwake pamene muli panjira yopita ku chipatala cha Matero kapena china chilichonse chimene chili pafupi nanu.